Momwe mungalembere kalendala ya mitengo ndi maluwa a kutchire ku Lilongwe

Mtengo wa kutchire sudziwika pa ulendo umodzi. Mlombwa mukaupeza mu Julayi uli mbulanda, wopanda ndi tsamba limodzi lomwe. Mu Okutobala wavala maluwa achikasu, ndipo pofika Febuluwale wabiriwira n'kusowa pakati pa anzake. Munthu akhoza kulumbira kuti waona mitengo itatu yosiyana. Njira yodalirika ndi kusankha mitengo yowerengeka, kumaibwerera yomweyo chaka chathunthu, n'kumalemba chimene yachita. Miyezi 12 ikatha mumakhala ndi kalendala yanuyanu, yokuuzani liti mtengo uliwonse umayoyola masamba, liti umachita maluwa, ndi liti njere zake zimakhwima. Aphunzitsi oyang'anira makalabu a zachilengedwe, alimi a njuchi ndi eni nazale ndi amene amapindula nayo kwambiri.

Sankhani malo amene mungafikeko mosavuta

Malo abwino ndi amene mungapiteko ngakhale m'thumba muli mopepuka. Kwa okhala mumzinda, nkhalango yotetezedwa ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pakati pa Old Town ndi City Centre, kumene kuli Lilongwe Wildlife Centre, ndiyo yapafupi, ndipo njira zoyendamo wapansi zilipo kale. Funsani pageti za ndalama yolowera ndi nthawi yotsekera. Munda wa zomera wa National Herbarium and Botanic Gardens kufupi ndi Capital Hill nawo ndi wothandiza pophunzira mayina.

Dziwani chinthu chimodzi musanayambe. Chigwa cha Lilongwe, chimene chili pa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere, chili ndi dothi lakatondo lachonde, ndipo mitengo yake yeniyeni ndi chitimbe, kadale ndi mthethe, kuphatikiza mikuyu ndi ina ya m'mphepete mwa madzi. Nkhalango ya miombo yokhathamira, ya mombo, mchenga ndi masuku, imakonda dothi losauka la m'mapiri. Imeneyo muyipeza bwino ku Dzalanyama, kumwera chakumadzulo kwa mzinda, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira. Ngati mungathe, njira yanu yanthawi zonse ikhale mumzinda, ndipo ku Dzalanyama muzipitako kanayi pa chaka: Seputembala, Disembala, Malichi ndi Julayi. Msewu wake umavuta mvula ikalimba.

Njira yanu isapitirire makilomita 2. Yaitali imakoma mwezi woyamba wokha, wachitatu mwaisiya. Idutse malo osachepera awiri osiyana, monga kumtunda kouma ndi m'mbali mwa mtsinje.

Zonyamula n'zochepa: kope lachikuto cholimba, pensulo (inki imafufutika ikanyowa), tepi ya telala, foni yojambula, madzi akumwa, nsapato zotseka ndi thalauza lalitali.

Sankhani mitengo, muipatse manambala

Mitengo 15 mpaka 20 ndi yokwanira. Pa mtundu uliwonse sankhani itatu, osati umodzi. Mtengo umodzi ukhoza kukunamizani: mwina ukudwala, mwina unawauka ndi moto, mwina mizu yake yafika pamadzi ndiye ukusunga masamba anzake atayoyola kalekale. Itatu ikachita chimodzimodzi, pamenepo mwagwira khalidwe la mtunduwo.

Sankhani mitengo ikuluikulu imene nthambi zake zapamwamba mukuziona bwino mutaima panjira. Waung'ono suchita maluwa, ndipo mudzalemba ziro chaka chonse n'kumaganiza kuti mtunduwo ndi wosabala.

M'malo otetezedwa musakhome msomali, musapake penti, musasende khungwa. Lembani m'kope momwe mungaupezerenso, mwachitsanzo "Nambala 7, mapazi 40 kuchokera pa mlatho, dzanja lamanja, thunthu lagawikana pawiri", kenaka sungani malowo pa mapu a mufoni. Yezani kuzungulira kwa thunthu pa msinkhu wa mamita 1.3 kuchokera pansi, ndiye kuti cha pachifuwa pa munthu wamkulu. Mukafuna kudziwa kunenepa kwa thunthu modutsa pakati, gawani nambalayo ndi 3.14; thunthu lozungulira masentimita 94 ndi lonenepa masentimita 30. Izi mumayeza kamodzi pa chaka basi.

Pomaliza sankhani poima pojambula, ndipo ulendo uliwonse muziima pomwepo, kuyang'ana komweko. Zithunzi 12 za mtengo umodzi zojambulidwa pamalo amodzi zimaphunzitsa kuposa zithunzi 200 zojambula mwachisawawa.

Zolemba pa ulendo uliwonse

Tsamba lililonse la kope likhale la tsiku limodzi. Pamwamba lembani deti, nthawi, ngati kwagwa mvula sabata imeneyo, ndi ngati moto wadutsa. Kenaka pa mtengo uliwonse perekani malikisi pa zinthu zisanu: masamba anthete, masamba okhwima, maluwa, zipatso zosakhwima, zipatso zokhwima. Malikisiwo ayambire 0 mpaka 4. Ziro ndiye kuti palibe, 1 ndi pang'ono osafika kota ya nthambi, 2 mpaka theka, 3 kupitirira theka, 4 mtengo wonse.

Yang'anani pansi musanayang'ane kumwamba. Maluwa a mitengo yambiri ya kuno ndi ang'onoang'ono, obisika m'masamba, ndipo mumayamba kuwadziwa ndi tizidutswa tothothoka pansi kapena kulira kwa njuchi pamutu panu. Cholakwika chofala ndi kuwerenga makoko a chaka chatha ngati zipatso zatsopano. Kadale ndi chitimbe amasunga zouma zawo miyezi yambiri. Ngati khoko lang'ambika, lachita bii kapena laboola ndi anankafumbwe, ndi lakale, lilembeni pambali.

Kuyambira Januwale mpaka Ogasiti kupita kamodzi pa mwezi n'kokwana. Kuyambira Seputembala mpaka Disembala pitani milungu iwiri iliyonse, pakuti mlombwa ukhoza kuchita maluwa n'kuwataya pakati pa maulendo anu awiri. Tsoka lake, imeneyi ndi nthawi yomwe dzuwa limaswa mtengo ndipo anthu ambiri amagwa ulesi. Lawirirani, mufike 6 koloko kapena 7 koloko, pofika 10 koloko mukhale mutamaliza.

Zimene muyembekeze, kuyambira nyengo yozizira

Ndi bwino kuyamba kalendala mu Juni kapena Julayi, udzu utauma, njira zikuoneka. Nthawi imeneyi nkhalango ikuvula. Msolo ndi umene umakopa maso, masamba ake amafiira psuu asanagwe. Mlombwa umatsala ndi zipatso zake zokha, zozungulira ngati kambale, pakati pali chibulumwa chaminga. Kadale amalendewetsa zipatso za mapiko anayi. Mukaona mapiko anayi musakayike, ndi wa banja limenelo, ngakhale dzina loti kadale limaphimba mitundu ingapo. Chitimbe chimadziwika ndi tsamba lake logawika pawiri ngati phazi la ng'ombe, ndi nyemba zake zofiirira, zolimba, zosang'ambika zokha. Pamiyala, aloe wa kutchire amatulutsa maluwa ofiira, ndipo mbalame za choso sizichokapo.

Msangu umachita zosemphana ndi anzake onse. Anzake akamavula iwo ukuvala, ndipo mvula ikayamba umayoyola masamba. N'chifukwa chake chimanga chimakula bwino pansi pake: m'dzinja sutchinga dzuwa, ndipo masamba ake amagwa nthawi yomwe mbewu zikufuna chakudya. Ngati pa njira yanu palibe msangu, pezani wa m'munda wapafupi muuphatikize, kuti kalendala yanu ikhale ndi mtengo umodzi wotsutsa.

Ogasiti mpaka Okutobala ndi pachimake, ndipo apa m'pofunika kudekha ngati wofuna kuona maso a nkhono. Mvula isanagwe ndi dontho lomwe, mitengo imadzuka ndi madzi ndi chakudya zimene inasunga m'mizu. Muwale umayamba: maluwa ofiira ngati makala a moto pa nthambi zopanda masamba, thunthu lake la khungwa lochindikala, lamizere yakuya. Mvunguti umatsegula maluwa ake ofiirira usiku pofuna mileme, ndiye m'mawa mumangowapeza ali mbwee pansi. Musakhale pansi pake polemba, chipatso chake chimalemera makilogalamu angapo. Mpakasa umachita maluwa a mtundu wa papo, ndipo nthawi zina pansi pake pamadontha madzi kunja kuli ng'aa. Si mtengo ukulira ayi, ndi tizilombo timene timayamwa madzi a m'nthambi n'kumatulutsa thovu. Yang'anitsitsani nthambi, muliona thovulo.

Ku miombo, iyi ndi nyengo ya masamba anthete ofiira, ena ngati mkuwa, ena ngati magazi, amene amasanduka obiriwira pakangopita milungu iwiri kapena itatu. Masana kukatentha mumamva kuti thwa! thwa! m'mwamba. Ndi nyemba zouma zikuphulika n'kumwaza njere patali. Pofuna kusiyanitsa mombo ndi mchenga, werengani timasamba pa phesi limodzi. Mombo uli ndi timasamba tambirimbiri, mapeya opitirira 12, ndipo tsamba lonse limazendewera ngati nthenga. Mchenga uli ndi mapeya ochepa, kawirikawiri 4 mpaka 7, ndipo nyemba zake zimaima pamwamba penipeni pa mtengo, pamtunda pa masamba. Kalendala idzakuonetsaninso kusiyana kwina: mombo umachita maluwa mvula isanayambe, mchenga umadikira mkati mwa dzinja.

Apa chenjerani ndi alendo. Jakaranda amene amakongoletsa misewu ya mumzinda mu Seputembala ndi Okutobala kwawo ndi ku South America. Mtengo wa maluwa ofiira wotambalala ngati ambulera umene umatsatira mu Novembala unachokera ku Madagascar. Malaina, bulugamu ndi kesha nawonso ndi obwera. Kuwalemba si kulakwa, koma muwaike chizindikiro chawochawo, asasokonezeke ndi a kuno.

Zipatso zakutchire zili ndi mzere wake. Matowo amapsa m'chilimwe, maula ndi mateme chakumapeto kwake, masuku kuyambira cha mu Novembala mpaka Januwale, mapoza mkati mwa dzinja, nthudza chakumapeto kwa mvula. Pa msuku pali msampha: ulipo waumuna ndi waukazi. Ngati msuku wanu wachita maluwa koma osabala, si matenda. Onjezani wina umene pansi pake pali njere zakale.

Maluwa a pansi

Awa safuna manambala, amafuna timinda. Sankhani timinda titatu, kalikonse mapazi 10 m'litali ndi 2 m'lifupi, m'mbali mwa njira: kena pamthunzi wa mitengo, kena m'mphepete mwa dambo, kena pamalo amene amapsa chaka ndi chaka. Ulendo uliwonse lembani mtundu uliwonse umene uli ndi duwa, ndi kuchuluka kwake.

Pa lupsa ndi pamene pamadabwitsa. Patangopita milungu iwiri kapena itatu moto utadutsa, paphulusa pamatuluka timaluwa tachikasu, tofiirira ndi toyera, tofupika, tina topanda ndi masamba omwe. Timachokera ku zitsa ndi mizu ikuluikulu yobisika pansi, ndipo timathamangira kubala udzu usanatiphimbe. Mukaphonya Seputembala ndi Okutobala simutionanso mpaka chaka chamawa.

Mvula ya chizimalupsa ikagwa, pamthunzi ndi pazulu pamatuluka duwa lofiira lozungulira ngati mpira, la timinga tofewa, pa phesi limodzi lonenepa. Akatswiri amalitcha Scadoxus multiflorus. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale mupeza Gloriosa superba, duwa lofiira ndi chikasu lopindikira m'mwamba ngati malawi, limene limakwera pa zitsamba pogwira ndi nsonga zopota za masamba ake. Onse awiriwa ndi poizoni, makamaka mizu yake, ndipo wa Gloriosa umapha. Ana a sukulu auzidwe zimenezi asanalowe m'tchire, pakuti muzu wa Gloriosa umaoneka ngati chakudya. M'madambo, dzinja ndi nyengo ya maluwa a chikande, amene ena amati chinaka. Achepa m'malo ambiri chifukwa chokumbidwa, ndiye mukawapeza jambulani, koma musalengeze pa intaneti malo ake enieni.

Mvula ikamatha, mu Malichi ndi Epulo, thengo limachita chikasu ndi abale ake a chisoso a maluwa akuluakulu, chewe nacho chili ndi maluwa ake otuwira mofiirira. Deliya amene amadzaza m'mbali mwa misewu nthawi yomweyo ndi mlendo wa ku Mexico.

Duwa limene simukulidziwa lijambuleni katatu: kumaso, cham'mbali kuti kuoneke kumbuyo kwake, ndi chomera chonse pamodzi ndi masamba, pensulo ili pambali kuti kukula kudziwike. Chithunzi cha kumaso kokha sichikwanira ngakhale kwa katswiri. Jambulani m'mawa, popeza ena monga khovani amafota dzuwa likafika pamutu. Dzina funsani kwa olondera nkhalango ndi akuluakulu a m'midzi yozungulira, ndipo mulembe amene wakuuzaniyo kwawo n'kuti, chifukwa dzina limodzi limatha kutanthauza mitengo yosiyana ku Dedza ndi ku Kasungu. Pulogalamu ya pafoni yotchedwa iNaturalist imathandiza kupeza dzina la sayansi, koma yankho lake loyamba musalimeze lonse. Kuthyola nthambi kapena kuzula chomera m'malo otetezedwa kumafuna chilolezo.

Zoopsa za m'njira

Mu Lingadzi muli ng'ona. Musatsikire kumadzi pofuna kuona bwino mkuyu, ujambuleni muli kumtunda. Mphiri sithawa ikamva mapazi, imangogona m'masamba ouma, choncho musaponde pamene simukuona. Mukafika kunyumba dzifufuzeni nkhupakupa m'miyendo ndi m'chiuno. Chitedze chimavuta kuyambira masika mpaka m'chilimwe, nyemba zake zikauma. Chikakugwerani musakande, kukanda kumalowetsa ubweyawo mkati. Matani selotepi pakhungu n'kumatula kangapo, kenaka sambani ndi sopo, zovalazo muchape pazokha.

Kalendala ikakwana: kutola njere ndi kufesa

Chaka chikatha, jambulani tebulo: mitundu ya mitengo kumanzere, miyezi pamwamba, malikisi m'kati. Mzere wa zipatso zokhwima ndi umene ukuuzeni tsiku lonyamula thumba. Musatole m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo cha oyang'anira kapena a Dipatimenti ya Zankhalango. Mitundu yomweyo ipezeni m'minda, m'malire ndi m'nkhalango za m'midzi, mutapempha mwini malo kapena amfumu. Tolani ku mitengo yosachepera 10 yathanzi, yotalikirana mamita 50 kapena kuposa, kuti mbande zanu zisakhale za mayi mmodzi. Sungani m'mapepala kapena m'kathumba kansalu. M'jumbo njere zimachita thukuta n'kuwola.

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, koma ku Lilongwe mbande yodzalidwa mu Disembala kapena Januwale ndi imene imapirira chilimwe choyamba. Werengani chobwerera m'mbuyo kuchokera pamenepo. Dothi la m'machubu likhale magawo awiri dothi lapamwamba, gawo limodzi mchenga wa kumtsinje, gawo limodzi manyowa owola bwino. Manyowa osapsa amawotcha mizu.

Njere za khungu lolimba, monga msangu, mthethe ndi chitimbe, sizimwa madzi msanga. Zilipo njira ziwiri. Yoyamba, dulani kachidutswa kakang'ono ka khungu ndi chowengera zikhadabo, kumbali yotalikirana ndi kachipsera kamene mphukira imatulukira, muviike usiku umodzi. Yachiwiri, wiritsani madzi, muwaphule, muwathire pa njere, zikhale momwemo maola 24. Musaziwiritse pamoto, mwaphika. Fesani zimene zafufuma, zosafufuma zibwerezeni. Nyemba za chitimbe muyambe mwazisinja pang'onopang'ono mumtondo kuti njere zituluke.

Msangu umathamangitsa muzu umodzi wautali pansi, ndipo ukakhalitsa m'chubu muzuwo umapindika kapena kuboola n'kulowa m'nthaka, n'kudzaduka posamutsa. Ufeseni mochedwa, milungu 6 mpaka 8 tsiku lodzala lisanafike, machubu ali pathandala kuti muzu ukatulukira kunsi uziuma wokha ndi mphepo.

Mbawa ndi masuku ndi zosiyana ndi zimenezi: njere zake sizisungika. Za mbawa zili ndi mapiko, zimatuluka chibalobalo chake cholimba chikang'ambika m'chilimwe; fesani zikadali zatsopano, mozama sentimita imodzi kapena ziwiri. Za masuku tsukani mnofu wonse, mufese sabata yomweyo. Ndipo m'chubu chilichonse sakanizanimo dothi lodzaza dzanja lochokera pansi pa msuku waukulu. Mizu ya msuku, monganso ya mombo ndi mchenga, imadalira bowa wa m'nthaka kuti ipeze chakudya, bowa yemwe uja amatuluka m'miombo m'dzinja. Popanda iye mbande zimamera bwinobwino, kenaka zimachita chikasu n'kuima. Chifukwa masuku amapsa mvula itayamba kale, mbande zake zimagonera m'nazale kudikira dzinja lotsatira.

Thirirani m'mawa, dothi likhale lonyowa koma losachita matope. Mbande zikamagwa zitawola patsinde, madzi achuluka kapena mthunzi wathinana; chepetsani zonse ziwiri. Milungu iwiri yomaliza chotsani mthunzi ndi kuchepetsa madzi kuti zizolowere. Dzenje likhale masentimita 30 mbali zonse, pa dothi louma gwa mulikulitse, ndipo chotsani chubu musanakwirire. Udzu wophimbira usakhudze tsinde, umaitana chiswe. Pofika Meyi lambulani mita imodzi kuzungulira mbande iliyonse, moto usanayambe.

Mlombwa umafuna mawu akeake. Njere yake ndi yovuta kuitulutsa m'chibulumwa chaminga chija ndipo imamera mwa apo ndi apo, n'chifukwa chake ena amadzala nthambi zonenepa ngati mkono chakumapeto kwa chilimwe, mtengo usanaphuke. Womera ku njere uli ndi khalidwe lonyenga: kwa zaka zingapo kamtengo kake kamauma m'chilimwe mpaka pansi, n'kuphukanso mvula ikagwa, uku muzu ukunenepa m'nthaka. Ambiri amauzula poganiza kuti wafa. Khomani chikhomo pambali pake, mulembe deti m'kope, ndipo mukaonenso mu Disembala.